Chilonda cha M'kamwa Chikakana Kupola: Kodi Foni Ingafupikitse Ulendo wa Wodwala wa ku Mangochi?

Zilonda za m'kamwa ndi amodzi mwa matenda amene anthu a m'mbali mwa nyanja amapirira osapita nawo kuchipatala. Munthu amangosintha tsaya lotafunira, kusiya tsabola ndi ndiwo zowawa mchere, n'kumadikira. Kawirikawiri kudikirako kumapindula, pakuti zilonda zambiri za m'kamwa zimapola zokha isanathe milungu iwiri. Koma zilipo zochepa zimene sizipola. Zimenezi zimatha kukhala chiyambi cha khansa, chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi chatsika, kapena matenda amene angadye nkhope ya mwana m'masiku owerengeka. Pa masiku oyamba zonsezi zimaoneka zofanana, ndipo anthu odziwa kuzisiyanitsa bwino ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pomwe wodwala ali ku Makanjira, ku Chembe kapena ku Katuli.

Nkhani ndiye yagona pamenepa: kodi n'zotheka kuti katswiri aone m'kamwa mwa munthu wa ku Makanjira, munthuyo asanagulitse mbuzi kuti apeze ndalama yoyendera? N'zotheka, ndipo zofanana nazo zachitikapo kale m'dziko lino. Koma foni payokha sichiza munthu. Imathandiza pokhapokha pakhale wina woyang'ana m'kamwa, wina wokakamizika kuyankha, ndi njira yotseguka ya wodwala amene wapezeka kuti ayenera kunyamuka.

Zilonda zimene zimapola zokha

Zofala kwambiri ndi tizilonda tozungulira, toyera kapena tachikasu pakati, tofiira m'mbali, totuluka mkati mwa mlomo, m'tsaya kapena kunsi kwa lilime. Timawawa kuposa kukula kwake. Sitipatsirana, ndipo timatha pakati pa sabata imodzi ndi ziwiri osasiya chipsera. Pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse amadwalapo timeneti, ena kamodzikamodzi, ena mobwerezabwereza. Chimene chimatiyambitsa sichikhala chimodzi: nkhawa, kusagona mokwanira, kudziluma, kusintha kwa m'thupi pa nthawi ya msambo, komanso kuchepa kwa ayironi ndi mavitamini ena m'magazi. N'chifukwa chake mayi amene tizilondati tikumubwerera mwezi ndi mwezi ayenera kuyezedwa magazi, makamaka kuno kumene malungo ndi likodzo zimachepetsa magazi a anthu ambiri.

Gulu lachiwiri ndi la zilonda zovulala. Munga wa chambo kapena wa utaka wobaya m'nkhama, phala lotentha, dzino losweka limene likupala lilime usana ndi usiku, zonsezi zimasiya chilonda. Chimenechi chimapola chikachotsedwa chimene chikuchiyambitsa. Dzino lakuthwa likasalazidwa kapena kuzulidwa koma chilonda n'kukhalabe, ndiye kuti nkhaniyo sinali ya dzino lokha.

Gulu lachitatu ndi la tizilombo. Ana aang'ono amatentha thupi, nkhama n'kufiira, m'kamwa monse n'kudzaza timatuza tosweka, mwana n'kumangotuluka dovu ndi kukana kudya. Zimenezi zimatha m'masiku khumi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo choopsa chake chachikulu ndi kutha madzi m'thupi chifukwa mwanayo akukana kumwa. Kachilombo koyambitsa zimenezi kamabisala m'thupi, n'kudzatulukanso ngati matuza a pamlomo munthu akadwala malungo kapena akakhalitsa padzuwa, monga amachitira asodzi. Palinso zoyera zomata pa lilime ndi m'masaya zooneka ngati mkaka wogona, zimene zikapukutidwa pansi pake pamatsala pofiira. Kwa khanda si zachilendo. Kwa munthu wamkulu zimafuna kuyezetsa HIV ndi shuga.

Kadyedwe nakonso kamaonekera m'kamwa. Kung'ambika kwa m'mbali mwa milomo ndi lilime lofiira, losalala ndi lowawa nthawi zambiri zimasonyeza kuperewera kwa mavitamini. Zimachuluka m'miyezi ya njala, pamene banja likudalira nsima yokha ndi ndiwo zochepa, ndiponso m'nyumba zimene usipa wonse umapita kumsika osatsalako wa pakhomo.

Zilonda zimene sizifuna kudikira

Lamulo limene madokotala a m'kamwa amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri ndi losavuta kukumbukira: chilonda chilichonse chimene chatha milungu itatu osapola chiyenera kuonedwa ndi katswiri. Chifukwa chachikulu ndi khansa ya m'kamwa, imene padziko lonse imagwira anthu oposa 370,000 chaka chilichonse. Imakonda m'mbali mwa lilime ndi pansi pake. Poyamba siwawa kwenikweni, ndipo n'chimene chimapusitsa anthu. M'mphepete mwake mumakhala molimba ndi motukuka, nthawi zina chimatuluka magazi chikangokhudzidwa, ndipo pambuyo pake m'khosi mumatuluka mwanabere wolimba wosasuntha. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi osuta fodya, oika fodya wopera kunsi kwa mlomo, ndi omwa kachasu kapena mowa wina wamphamvu. Fodya ndi mowa zikaphatikizana chiopsezocho chimakula kwambiri. Khansa imeneyi ikapezeka idakali yaing'ono ambiri amachira ndi opaleshoni. Ikafika potseka kukamwa ndi kulepheretsa kumeza, chotsala nthawi zambiri ndi kuchepetsa ululu basi.

Kachilombo ka HIV kali ndi zizindikiro zake m'kamwa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 9 mwa 100 aliwonse m'Malawi ali ndi kachilomboka, ndipo madoko a asodzi, kumene anthu amabwera ndi kupita motsatira nsomba, ndi ena mwa malo ovuta kusunga munthu pa mankhwala. Zilonda zikuluzikulu zozama zosapola, zoyera zofika kummero, ndi mabala ofiirira kudenga kwa m'kamwa amene ndi khansa ya Kaposi, zimatha kukhala chenjezo loyamba lakuti munthu ali ndi kachilombo osadziwa, kapena kuti wasiya kumwa ma ARV. Chindoko nachonso chimatulutsa chilonda chosawawa pamlomo kapena pa lilime, chimene chimazimiririka chokha matendawo akupitirira mkati. Chifuwa chachikulu, ngakhale si kawirikawiri, chimatha kuonekera ngati chilonda cha pa lilime.

Palinso zilonda zobwera ndi mankhwala. Munthu akayamba mankhwala atsopano monga Bactrim, Fansidar kapena ena a khunyu, kenaka milomo n'kusupuka, maso n'kufiira, khungu n'kutuluka matuza, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo atanyamula mankhwalawo. Thupi lawakana, ndipo zimenezi zimatha kupha.

Kwa ana pali matenda awiri amene kholo lililonse la kunyanja liyenera kuwadziwa. Oyamba ndi noma, amene bungwe la WHO linawaika m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha mu Disembala 2023. Amagwira makamaka ana a zaka 2 mpaka 6 onyentchera, nthawi zambiri atangodwala chikuku kapena malungo. Amayamba ngati zilonda za m'nkhama zonunkha ndi zotuluka magazi, tsaya n'kutupa, kenaka n'kuda ndi kubooka. Akapanda kuthandizidwa, ana ofika 9 mwa 10 amamwalira, koma akapezeka pachiyambi, mankhwala wamba opha tizilombo, kutsuka m'kamwa ndi chakudya chabwino zimawaimitsa. Achiwiri ndi khansa ya Burkitt, imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda. Imakonda madera a malungo ambiri ngati athu a m'mbali mwa nyanja. Nsagwada ya mwana imatupa mofulumira, mano n'kugwedera, ndipo makolo amaganiza kuti ndi dzino lofunika kuzula. Imakula msanga kuposa khansa zina, komabe imamva mankhwala, ndipo ana ambiri achira ku wodi ya ana ya khansa ku chipatala cha Queen Elizabeth (Queens). Apa mpamene mawu akuti m'mera mpoyamba amakhala nkhani ya moyo ndi imfa.

Kutalika kwa njira

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi. Anthu onsewa amadalira chipatala cha boma pa Mangochi, cha Monkey Bay, zipatala za mishoni monga St Martin's ku Malindi ndi Koche, ndi zipatala zing'onozing'ono zomwazikana kuyambira ku Nankumba mpaka ku Namwera. M'zipatala zazing'ono zambiri mulibe wa mano. Amene amaona wodwala ndi medical assistant, clinical officer kapena namwino, amene pa tsiku amakumana ndi mzere wautali wa malungo, chibayo ndi amayi oyembekezera, ndipo maphunziro ake sanakhalitse pa matenda a m'kamwa.

Pa chipatala cha boma ntchito ya mano imagwiridwa kwambiri ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Ndi anthu amene anyamula ntchito imeneyi kwa zaka zambiri, koma nthawi yawo yochuluka imathera pozula mano a anthu obwera ululu utafika posapiririka. Madokotala a mano enieni akhala ochepa kwambiri: pamene University of Glasgow ndi sukulu ya udokotala ya ku Blantyre zinkayamba ntchito ya MalDent mu 2018, dziko lonse linali ndi osakwana 50, ambiri mwa iwo m'mizinda ndi m'zipatala zolipira. Akatswiri a opaleshoni ya nsagwada ndi nkhope ndiye ongowerengeka pa zala.

Zinthu zayamba kusintha. Mu 2019 ophunzira oyamba a udokotala wa mano analowa kalasi kuno kumudzi, pa sukulu imene tsopano ndi Kamuzu University of Health Sciences, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko yoona za umoyo wa m'kamwa. Koma sukulu yotulutsa madokotala ochepa pa chaka idzatenga nthawi yaitali kuti ifikire boma lililonse, ndipo wodwala wa lero sangadikire zimenezo.

Tiyeni tiutsate ulendo wake. Kuchoka ku Makanjira kufika pa Mangochi ndi makilomita pafupifupi 100, pa msewu umene nthawi ya dzinja umavuta ndipo mitsinje ikadzaza umadukiratu. Akatumizidwa ku Zomba, ndi makilomita ena oposa 120. Akauzidwa kuti katswiri ali ku Queens, ulendo ukupitirira mpaka ku Blantyre. Chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere, koma kabaza, matola, chakudya cha wodwala ndi womudikirira, ndi masiku amene msodzi sanalowe m'madzi, zonsezo n'zolipira. Zotsatira zake ndi ziwiri, ndipo zonse n'zoipa. Ena amayenda ulendo wonsewu chifukwa cha chilonda chimene chikanapola ndi madzi a mchere. Ena amene ali ndi khansa amapatsidwa amoxicillin kawiri, katatu, n'kupita kwa asing'anga, n'kudzafika ku Queens miyezi itapita.

Chithunzi chiyambe kuyenda ndicho

M'kamwa ndi malo oonekera. Sipafunika makina odula kuti uone lilime. Tochi, kamtengo kopanikizira lilime, magolovesi ndi foni yojambula bwino n'zokwanira. Njira imene yaonetsa kuthandiza m'maiko ena ndi yakuti wachipatala wa kumudzi ajambule chilondacho, alembe mbiri yaifupi ya wodwala, monga zaka zake, nthawi imene chilonda chakhala, fodya ndi mowa, zotsatira za HIV ndi mankhwala amene akumwa, n'kutumiza kwa katswiri. Katswiriyo amayankha akapeza mpata tsiku lomwelo kapena lotsatira. Njira imeneyi siifuna netiweki yamphamvu ngati kulankhulana pa vidiyo. Uthenga umadikira mufoni mpaka netiweki itagwira.

Ku Brazil, m'chigawo cha Rio Grande do Sul, ntchito yotchedwa EstomatoNet inayamba mu 2015 ndi cholinga chimenechi. Asanalandire yankho, madokotala a m'zipatala zazing'ono ankafuna kutumiza pafupifupi wodwala aliyense amene anafunsira. Atalandira malangizo a katswiri, ofunika kutumizidwa anatsala pafupifupi mmodzi mwa atatu. Ku Malaysia bungwe la Cancer Research Malaysia linapanga pulogalamu ya pafoni yotchedwa MeMoSA yotumizira zithunzi za m'kamwa kwa akatswiri. Ku Kerala, m'dziko la India, kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinatuluka mu 2005 anaonetsa chinthu china chofunika kwa ife: anthu osakhala madokotala, ataphunzitsidwa kuyang'ana m'kamwa ndi maso okha, anathandiza kuchepetsa imfa za khansa ya m'kamwa ndi gawo limodzi mwa atatu pakati pa osuta ndi omwa mowa. Mu 2021 WHO ndi bungwe loona za mafoni ndi intaneti la ITU zinatulutsa buku lotsogolera maiko pa kagwiritsidwe ntchito ka mafoni pa umoyo wa m'kamwa.

Malawi nayenso ali ndi poyambira. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, chinafalikira dziko lonse, ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Munthu amaimba ulere pa 929 n'kulankhula ndi wachipatala. Ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, labotale younika tizidutswa ta mnofu imene inatsegulidwa mu 2011 yakhala ikukambirana zithunzi za pa maikulosikopu ndi akatswiri a ku University of North Carolina kudzera pa intaneti. Chitsanzo choyandikira kwambiri ndi cha ntchito ya SURG-Africa. Kuyambira 2018, ma clinical officer a m'zipatala za maboma a chigawo chakumwera analumikizidwa pa WhatsApp ndi madokotala a opaleshoni a ku Queens, kuti asanatumize wodwala ayambe afunsa. Odwala ambiri amene akanakwezedwa ambulasi anathandizidwa ali kwawo, ndipo otumizidwawo ankafika akuyembekezeredwa. Ngati zinatheka pa chophuka ndi mafupa othyoka, palibe chifukwa chakuti zikanike pa chilonda cha lilime.

Zimene foni singathe

Chithunzi sichikhudza. Kulimba kwa m'mphepete mwa chilonda, kumene ndi chizindikiro chachikulu cha khansa, kumadziwika ndi chala. Mwanabere wa m'khosi nayenso amafuna dzanja. Choncho wojambulayo ayenera kuphunzitsidwa kupapasa ndi kulemba zimene wamva, apo ayi katswiri adzapereka chiweruzo pa theka la umboni. Chithunzi chojambulidwa mumdima, kapena cha kumbuyo kwa lilime kumene kuwala sikufika, chingapangitse chilonda choopsa kuoneka chabwinobwino, ndipo chilimbikitso chabodza n'choipa kuposa kusadziwa.

Chachiwiri, khansa imatsimikizidwa podula kachidutswa ka mnofu n'kukaunika ku labotale. Ma labotale otere ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo zotsatira zimatha kutenga milungu. Kuzindikira msanga pafoni kulibe phindu ngati wodwalayo akakhale miyezi akudikira kudulidwa, kudikira zotsatira, ndi kudikiranso tsiku la opaleshoni.

Chachitatu ndi chinsinsi. M'kamwa muli pankhope, ndipo chithunzi chophatikizidwa ndi zotsatira za HIV chikasochera m'gulu lolakwika la WhatsApp chingawononge banja. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa munthu la 2024, ndipo nkhani zaumoyo zili m'gulu lofuna kusamalidwa mwapadera. Wodwala afotokozeredwe ndi kuvomera m'chiyankhulo chimene amachimva, chimene kwa ambiri ku Makanjira, ku Namwera ndi ku Katuli ndi Chiyao. Ajambulidwe m'kamwa mokha osati nkhope yonse, pasalembedwe dzina koma nambala, ndipo chithunzicho chifufutidwe mufoni ya wogwira ntchito chikangofika kumene chikupita. Mayi amene sakumasuka kutsegula pakamwa pamaso pa mwamuna wachilendo apezeredwe namwino kapena mlangizi wamkazi.

Chachinayi ndi ndalama zazing'ono zimene zimapha ntchito zazikulu: bandulo ya intaneti, magetsi otchajira foni, foni ikagwera m'madzi. Ntchito yodalira mayunitsi a m'thumba mwa namwino ndi chifundo cha dokotala woyankha usiku ataweruka imatha tsiku limene mmodzi wa iwo wasamutsidwa.

Zimene Mangochi ingachite

Poyambira ndi chizolowezi chotsegula pakamwa. Ku sikelo ya ana, ku kiliniki ya ma ARV, ku malo operekera chiponde kwa ana onyentchera, ndi m'makiliniki a m'midzi a alangizi a zaumoyo, kuyang'ana m'kamwa kumatenga mphindi imodzi. Alangiziwa amadziwa kale banja limene mwana wake wangodwala chikuku, ndipo ndi amene angaone noma tsaya lisanabooke. Makomiti a m'madoko, mashehe ndi abusa angathe kufalitsa uthenga wa milungu itatu kumene wailesi ndi zikwangwani sizifika.

Kenaka pakhale makwerero omveka. Chithunzi chochokera ku Lungwena kapena ku Nankumba chipite kaye kwa wa mano wa pa Mangochi, amene angamalize nkhani zambiri yekha. Zokayikitsa azikweze kwa akatswiri a ku Queens ndi aphunzitsi a ku sukulu ya mano, amene akhale ndi ndandanda ya woyankha sabata iliyonse ndi malire a nthawi, mwachitsanzo masiku awiri. Yankho likakhala lakuti wodwala abwere, lizibwera ndi tsiku lenileni, lolembedwa m'buku lake la kuchipatala, kuti asakabwezedwe pakhomo. Ogwira ntchito angapo pa chipatala cha boma aphunzitsidwe kudula kachidutswa ka mnofu, kuti kachidutswako kazipita kumzinda munthu ali kwawo, ndipo zotsatira zizibwerera pafoni. Pomaliza pakhale kaundula woonetsa kuti amene anatumizidwa anafika kapena ayi, ndi mlangizi wokamufuna amene sanafike. Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti yankho lililonse ndi phunziro: clinical officer amene wafunsa za zilonda makumi angapo amayamba kuzizindikira yekha.

Pakhomo, podikira

Chilonda wamba chimafuna zinthu zochepa. Chukuchani ndi madzi ofunda othira theka la sipuni yaing'ono ya mchere pa kapu imodzi, kangapo pa tsiku. Pitirizani kutsuka mano ndi mswachi wofewa. Imwani panado ululu ukakula, idyani zofewa, ndipo mwana apitirize kuyamwa ndi kumwa madzi pang'onopang'ono. GV wopaka m'kamwa akhale amene wachipatala wasungunula moyenera. Musaike aspirin, fodya, kachasu kapena madzi a batire pachilonda, pakuti zimawotcha mnofu ndi kusokoneza maonekedwe amene dokotala akanadalira. Makapisozi ogula pamsika sachiza tizilonda wamba.

Pitani kuchipatala mosazengereza ngati chilonda chatha milungu itatu, ngati chalimba kapena chikukula, ngati pali banga loyera kapena lofiira losachoka, ngati m'khosi mwatuluka chotupa, ngati mwana akukana kumwa, akununkha m'kamwa kapena watupa tsaya. Mukafika, nenani tsiku limene chilondacho chinayamba, ndipo ngati mwalandira kale mankhwala osasintha, nenaninso zimenezo ndi kupempha kuti nkhani yanu ifunsidwe kwa wa mano.

Mafoni alipo kale m'zipatala zathu, akatswiri alipo ngakhale ochepa, ndipo ndondomeko ya 2022 inalonjeza kuti umoyo wa m'kamwa ulowa m'chithandizo cha tsiku ndi tsiku. Chotsala ndi chakuti ofesi ya zaumoyo ya boma la Mangochi, chipatala cha Queens ndi sukulu ya mano zigwirizane kuti woyankha ndani, m'masiku angati, ndipo ndalama ya bandulo ichokera pa mzere uti wa bajeti. Mgwirizano umenewo ndi wotsika mtengo kuposa ambulasi imodzi, ndipo ukachedwa amene akulipira ndi wodwala wofika ku Blantyre khansa itafalikira kale.